Masitazi ya chaka chimodzi kunja pa mbiri, zolemba, filosofe kapena zaluso: ndondomeko yake

Funso ili landifika kambirimbiri moti ndaganiza zongoliyankha kamodzi polemba: "Ndili ndi digiri yoyamba, ndikufuna kukaphunzira kunja kwa chaka chimodzi kapena kucheperapo, pa mbiri yakale, zolembalemba, zinenero, filosofe, zachipembedzo, nyimbo, zisudzo kapena zojambula. Ndiyambire pati?" Ambiri ofunsa amakhala atayamba kale kuda nkhawa ndi visa, ena ali ndi mndandanda wa mayunivesite otchuka. Zimenezo n'zakutsogolo. Maphunzirowa ndi aafupi kwambiri, choncho osankha ophunzira safuna munthu woti akayambe kuganiza atafika. Amafuna kuona papepala kuti muli kale ndi funso lanu ndiponso kuti mumatha kulemba. N'chifukwa chake mfundo 4 ndi yaitali kuposa zinzake zonse. Zitsanzo zambiri ndi za ku UK, kumene masitazi ya chaka chimodzi inafala kwambiri, koma ndatchula maiko ena pamene malamulo akusiyana.

1. Dziwani chimene chili kuseri kwa dzina la pepalalo

Ku UK ntchito ya wophunzira imayezedwa ndi ma credit. Credit imodzi imaimira maola pafupifupi 10, kuphatikiza a m'kalasi ndi owerenga panokha. Masitazi yathunthu ndi ma credit 180. Kawirikawiri 120 amachokera ku maphunziro a m'kalasi, amene amawatcha ma module, ndipo 60 amachokera ku dissertation, pepala la kafukufuku wanuwanu la mawu pafupifupi 12,000 mpaka 15,000, nthawi zina kuposerapo. Postgraduate Diploma, mwachidule PGDip, ndi ma credit 120: makalasi omwewo koma popanda dissertation. Postgraduate Certificate, PGCert, ndi 60 okha. Munthu amene walembetsa masitazi koma osamaliza dissertation nthawi zambiri amatuluka ndi PGDip.

Graduate Diploma ndi chinthu china. Ku England ndi maphunziro a mlingo wa chaka chomaliza cha digiri yoyamba, opangidwira munthu amene akusintha gawo. Courtauld Institute of Art ku London ili nayo ya mbiri ya zojambula, ya anthu amene digiri yawo inali ya zina. Ku Australia dzina lomweli lili pamwamba pa digiri yoyamba: Graduate Certificate imatenga semesita imodzi, Graduate Diploma chaka, zonse zili pa mlingo 8 wa dongosolo lawo, pamene masitazi ili pa 9.

Zilembo nazo zimasokoneza. Ku Oxford masitazi yaifupi ya maphunziro awa imatchedwa MSt, ndipo yambiri ndi ya miyezi 9. Ku Cambridge imatchedwa MPhil, pomwe MPhil ya ku Oxford nthawi zambiri ndi ya zaka 2. Ku mayunivesite akale a ku Scotland, monga St Andrews, Glasgow, Aberdeen ndi Edinburgh, MA ndi digiri yoyamba, ndiye imene mukufuna inuyo idzalembedwa MLitt kapena MSc, ngakhale ikhale ya zolembalemba. MFA, masitazi ya zaluso ya ku United States, ndi ya zaka 2 kapena 3, si yaifupi ayi; ngati mukufuna chaka chimodzi kumeneko, yang'anani mapulogalamu ngati MAPH ya University of Chicago. Ku Europe amawerenga ma credit awo otchedwa ECTS, 60 pa chaka cha sukulu. Ma credit 180 a ku UK ndi ofanana ndi ma ECTS 90. Ku Netherlands masitazi yambiri ya maphunziro awa ndi ya chaka chimodzi, ma ECTS 60, pamene ku Germany yambiri ndi ya zaka 2.

Musaone ngati nkhani ya maina chabe. Chevening, sikolashipu ya boma la UK, imalipirira masitazi yophunzira tsiku lonse, ya miyezi 9 mpaka 12, osati PGCert kapena ya pa intaneti. Chilolezo chotsala ku UK kukagwira ntchito mukamaliza, chimene amati Graduate visa, simungachipeze ndi PGCert ya mbiri kapena filosofe. Mayunivesite ena a ku Germany amayembekezera ma ECTS 300 onse pamodzi munthu asanayambe PhD. Ndipo sukulu za m'chilimwe za milungu ingapo, ngakhale zichitikire m'nyumba za yunivesite yotchuka, zambiri zimangopereka setifiketi yoti munapezekapo. Funsani ngati pali ma credit, ndipo funsaninso bungwe loona ziphaso za maphunziro m'dziko lanu ngati pepalalo lidzavomerezedwa mukabwerera.

2. Werengani kalendala chobwerera m'mbuyo

Masitazi yambiri ku UK, Ireland ndi Netherlands imayamba mu Sepitembala kapena Okutobala. Ku Australia chaka chimayamba chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, ndipo ena amalowa mu Julayi. Cholakwika chofala ndi kuyang'ana tsiku lotseka kulembetsa pulogalamu, mwina mu Meyi kapena Juni, n'kumadziuza kuti nthawi ilipo. Tsiku la ofuna thandizo la ndalama limatseka kale kwambiri. Chevening imatsegula mu Ogasiti n'kutseka mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala, pafupifupi chaka chathunthu sukulu isanayambe. Ku Oxford ndi Cambridge, wofuna ndalama za Clarendon kapena Gates Cambridge ayenera kukhala atatumiza zonse mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale, malinga ndi pulogalamu. Mapulogalamu ambiri a Erasmus Mundus, othandizidwa ndi European Union, amalandira mapempho pakati pa Okutobala ndi Januwale.

Choncho ngati mukufuna kukayamba Sepitembala wa chaka chamawa, ntchito ya mfundo 3 ndi 4 iyambe mu Juni kapena Julayi wa chaka chino. Mukazindikira mu Epulo kuti munaphonya masiku a ndalama, ndi bwino kudikira chaka china kusiyana ndi kulandira malo amene simungathe kulipira.

3. Sankhani poyang'ana aphunzitsi ndi zosungidwa, osati kutchuka

Mndandanda wa mayunivesite apamwamba padziko lonse sukuuzani kanthu za dipatimenti yaing'ono ya nyimbo kapena ya zachipembedzo. Tsegulani tsamba la dipatimentiyo. Werengani ma module a chaka chino, osati a m'kabuku kotsatsa malonda. Onani ndani amawaphunzitsa, ndipo werengani nkhani imodzi imene munthuyo anasindikiza posachedwa. Kenako lemberani mkulu wa pulogalamuyo imelo yaifupi ya mafunso awiri: kodi module yakutiyakuti idzaphunzitsidwa chaka chimene ndikufuna kubwera, nanga mphunzitsi wakutiwakuti adzakhalapo? Aphunzitsi amapita kutchuthi cha kafukufuku cha teremu kapena chaka chonse, ndipo module yopanda ophunzira okwanira imachotsedwa. Pa digiri ya zaka 3 mungadikire kuti munthuyo abwerere. Pa ya miyezi 12, akachoka ndiye kuti mwamuphonya basi.

Onaninso zimene zasungidwa pafupi. Laibulale ya yunivesite ya SOAS ku London imasunga zikalata za London Missionary Society ndi za mishoni ya Methodist. The National Archives ku Kew ili ndi mafayilo a Colonial Office. Zikalata za BBC zili ku Caversham, pafupi ndi Reading. Munthu wa zojambula amafunika sitiduyo ndi zipangizo, wa zisudzo malo oyeserera, wa nyimbo zipinda zojambulira mawu. Tsimikizani kuti zimene mukudalirazo n'zotsegula: British Library inathyoledwa makompyuta mu Okutobala 2023 ndipo ntchito zake zambiri zinasokonekera kwa nthawi yaitali.

Pulogalamu zitatu kapena zinayi zosankhidwa bwino ndi zokwanira. Ngati mukudzera kwa ajenti, kumbukirani kuti ambiri amalandira komishoni kuchokera ku mayunivesite amene amawatumizira ophunzira, ndiye malangizo awo amatsamira komweko. Dzioneleni nokha ngati sukuluyo ili pa mndandanda wa boma wa zololedwa kulandira ophunzira akunja: ku UK ndi wa ma licensed sponsor, ku Australia ndi CRICOS.

4. Funso lanu ndi chitsanzo cha zolemba zanu

Apa ndi pamene malangizo ambiri amangoti "tumizani chitsanzo cha zolemba zanu" n'kudutsa. Komatu pa maphunziro awa, chitsanzocho ndi chimene aphunzitsi amawerenga mwachidwi kuposa china chilichonse. Magiredi a m'maiko osiyanasiyana amavuta kuwayerekeza. Makalata aumboni pafupifupi onse amayamikira. Masamba anu okha ndi amene amasonyeza mmene mumaganizira.

Yambani ndi kusiyanitsa mutu ndi funso. "Amishonale ndi maphunziro a atsikana" ndi mutu. Mungaulembe moyo wanu wonse osamaliza. Funso limaoneka chonchi: malipoti apachaka a mishoni imodzi pakati pa 1920 ndi 1935 amafotokoza bwanji cholinga chophunzitsira atsikana, makalata a aphunzitsi aakazi a pamishoni yomweyo amachifotokoza bwanji, ndipo ngati zikusiyana, kusiyanako kukutiuza chiyani za amene lipotilo linkawalembera? Onani zimene zachitika. Pali malo amodzi, zaka zodziwika, mitundu iwiri ya zikalata, ndi chinthu choti n'kutsutsana nacho. Wa zolembalemba achite chimodzimodzi: osati "akazi m'manovelo a pambuyo pa utsamunda", koma manovelo awiri, ndi chinthu chimodzi chimene onse amachita ndi mawu a wofotokoza nkhani.

Funso lanu liyeseni ndi mafunso atatu. Kodi munthu wanzeru angayankhe mosiyana ndi inu? Ngati sangatero, ndiye kuti mukungofotokoza zodziwika. Kodi umboni wake uli kuti, m'chinenero chanji, ndipo chinenerocho mumachiwerenga? Simungaphunzire Chiarabu, Chilatini kapena Chipwitikizi chakale mokwanira kuwerenga zikalata m'miyezi 6 mukuchitanso makalasi ena. Kodi lingayankhidwe m'miyezi 3 ndi mawu 15,000? Funso silikumangani, ambiri amalisintha atafika, ndipo aphunzitsi amadziwa zimenezo. Chimene akufuna kuona n'chakuti mumadziwa maonekedwe a funso lotheka.

Tsopano chitsanzo chenichenicho. Mapulogalamu ambiri a ku Oxford amapempha zolemba ziwiri za mawu pafupifupi 2,000 chilichonse, kapena chimodzi cha pafupifupi 4,000. Kwina malire amasiyana, koma amawalemba poyera ndipo amawatsatira. Musatumize dissertation yonse ya digiri yoyamba poganiza kuti asankha okha. Musatumizenso chaputala choyamba, chija chimene chimangondandalika zimene ena analemba, kapena chomaliza chodzaza ndi malangizo kwa boma. Sankhani gawo limene mwagwira umboni ndi manja anu: ndakatulo, kalata, chithunzi, nyimbo, ndime ya buku la filosofe. Pamwamba lembani mizere iwiri kapena itatu yonena kuti gawoli lachokera m'ntchito yanji ndipo m'mbuyomo munanena chiyani.

Kenako lilembeninso, chifukwa chimene chinakupatsani giredi yabwino zaka zapitazo sichinalembedwere owerenga awa. Ndime yoyamba inene mfundo yanu mosabisa: ndikunena kuti chakuti, ndipo ndisonyeza kudzera mu chakuti. Chotsani mawu oyambira kutali, aja akuti kuyambira kalekale anthu akhala akuimba nyimbo. Chotsani matanthauzo a m'dikishonale. Paliponse pamene mwagwira mawu a wina, pansi pake pakhale mawu anuanu ochuluka kuposa amene mwagwirawo, ofotokoza chimene mukuona: bwanji wolemba anasankha mawu awa osati ena, wasiya chiyani, akulankhula kwa yani. Zolemba zambiri zofooka zimene ndimaona zimagwira mawu aatali, n'kunena kuti "izi zikusonyeza kuti anthu ankavutika", basi n'kupita pa ena. Wowerenga akanatha kuona yekha zimenezo.

Chovuta kwambiri kwa ambiri ndi kutsutsana ndi katswiri. Tinaphunzitsidwa kuti dzina lalikulu likanena, nkhani yatha, ndiye timaunjika maina ngati mboni. Owerenga anu akufuna kuona mukutenga katswiri mmodzi kapena awiri, mukufotokoza mfundo yawo mwachilungamo moti eni akewo angavomereze kuti mwawamva, kenako mukusonyeza pamene mfundoyo siikukwanira pa umboni umene muli nawo. Sikunyoza. Mungathe kunena kuti mfundo yawo imagwira bwino pa malipoti osindikizidwa koma imalephera pa makalata amseri, n'kusonyeza kalata imodzi. Ndime imodzi yotere imaposa masamba atatu a maina.

Kasonyezedwe ka magwero kakhale kamodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kaya ndi Chicago, MLA kapena MHRA, ndi manambala a masamba. Ngati munalemba m'chinenero china, masulirani nokha ndipo nenani kuti mwamasulira. Ngati munamaliza sukulu kalekale ndipo mulibe cholembedwa choyenera, lembani chatsopano. Dzipatseni milungu 6 mpaka 8. Akaunti yaulere ya JSTOR imalola kuwerenga nkhani zingapo pa intaneti mwezi uliwonse, ndipo magazini ambiri a kafukufuku ali poyera kudzera pa DOAJ. Lipoti la kuntchito, ngakhale labwino chotani, silingalowe m'malo mwa nkhani ya kafukufuku.

Mukamaliza, patsani munthu amene sadziwa gawo lanu awerenge, kenako mumufunse kuti anene m'chiganizo chimodzi chimene mukutsimikiza. Akayankha kuti "mukukamba za amishonale", bwererani pa tebulo.

Za kulembetsa kwa wina kapena kwa makina opanga mawu: siyani. Mapulogalamu ena amaitana munthu kukacheza naye pa zimene analemba, mayunivesite ambiri amaunika zolemba ndi Turnitin, pulogalamu yofufuza zokopera, ndipo ngakhale mutadutsa, nkhani yanu yoyamba idzafunika milungu yochepa mutangofika, muli nokha.

Kwa a zaluso zamanja, chitsanzo chanu ndi portfolio, ndiko kuti ntchito zanu zosankhidwa. Lamulo ndi lomwelo. Ntchito zochepa zogwirizana, zosonyeza chinthu chimodzi chimene mukulimbana nacho, zimaposa zonse zimene munapangapo. Ikanimo zoyeserera ndi zimene munasintha panjira, chifukwa aphunzitsi amafuna kuona mmene mumafikira pa chinthu. Pa chilichonse lembani chaka, kukula, zipangizo, ndi mbali imene munachita inuyo ngati munali pagulu. Chithunzi chojambulidwa mumdima kapena mawu ojambulidwa paphokoso zimapha ntchito yabwino. Royal College of Art inasintha MA yake kukhala ya chaka chimodzi kuyambira 2022, ndiye ngakhale kumeneko nthawi yofufuza kuti ndinu ndani palibe. A zopeka ndi ndakatulo, monga ofuna MA ya University of East Anglia imene inayamba mu 1970, atumize masamba amene akonzedwa kambirimbiri, osati amene alembedwa sabata yomweyo.

Kalata yofotokoza cholinga chanu imabwera pambuyo pa zonsezi, ndipo mukakhala ndi funso imalembeka mosavuta. Nthawi zambiri ndi mawu 500 mpaka 1,000. Isakhale mbiri ya moyo wanu kuyambira muli mwana. Nenani funso lanu, zimene munawerenga kapena kuchita zokukonzekeretsani, ma module ndi zosungidwa za pamalopo zimene mukuzifuna mozitchula maina, ndi chimene mudzachite mukamaliza. Ngati mungasinthe dzina la yunivesite kalata n'kukhalabe yomveka, ndiye kuti simunalembere aliyense. Ndipo musasakanize kalata iyi ndi nkhani za Chevening: kumeneko amafunsa za utsogoleri, kulumikizana ndi anthu, chifukwa chosankhira maphunzirowo ndi mapulani a ntchito, pamene dipatimenti ikufuna kumva za nzeru za phunzirolo.

5. Makalata aumboni

Cambridge imafuna awiri, Oxford atatu, ambiri awiri. Akhale a aphunzitsi amene anawerengapo zolemba zanu, osati munthu waudindo waukulu amene amangokudziwani nkhope. Apempheni milungu 6 tsiku lisanafike, ndipo muwatumizire pamodzi magiredi anu, chitsanzo chija, kalata ya cholinga ndi masiku otseka. Funsani mosapita m'mbali ngati angathe kulemba kalata yamphamvu. Akazengereza, thokozani n'kupita kwa wina. Agwiritse ntchito imelo ya yunivesite yawo, chifukwa makalata ochokera ku Gmail kapena Yahoo amakayikiridwa kapena kukanidwa. Mphunzitsi akachedwa kutumiza, wovutika ndinu, ndiye akumbutseni mwaulemu kusanatsale masiku awiri.

6. Chingerezi ndi zikalata

Madipatimenti a maphunziro awa amafuna Chingerezi chapamwamba kuposa ena: pa mayeso a Chingerezi a IELTS, 6.5 kapena 7.0 m'malo ambiri, 7.5 ku Oxford, ndipo amaika malire pa gawo lililonse palokha. Gawo lolemba ndi limene limagwetsa anthu olankhula bwino. Zotsatira zimagwira ntchito zaka 2. Mayunivesite ena salembetsa mayesowa kwa amene digiri yawo inaphunzitsidwa m'Chingerezi, ena amalembetsabe; pezani yankho lolembedwa.

Ambiri ku UK amapempha 2:1, giredi yachiwiri kuchokera pamwamba, ndipo yunivesite iliyonse ili ndi tsamba lonena chofanana nayo m'dziko lililonse. Pakakhala chikaiko, bungwe la UK ENIC limapereka kalata yoyerekeza digiri yanu, molipira. Itanitsani msanga transcript, mndandanda wa magiredi anu, ndipo dzina lanu likhale lofanana ndendende pa pasipoti, pa setifiketi ndi pa fomu.

7. Ndalama

Kunena zoona, thandizo la ndalama pa masitazi ya maphunziro awa ndi lochepa poyerekeza ndi la sayansi kapena zaumoyo. Fizi ya wophunzira wakunja ku UK imayambira cha m'ma mapaundi 16,000 ndipo m'malo otchuka imapitirira 30,000, osawerengera pogona ndi chakudya.

Chevening, imene boma la UK linayambitsa mu 1983, imalandira phunziro lililonse, koma imafuna zaka 2 za ntchito, maola 2,800, ndiponso lonjezo loti mudzabwerera kwanu kwa zaka 2. Mumasankha mapulogalamu atatu ndipo mumayenera kupeza malo otsimikizika pa imodzi pofika mu Julayi. Masikolashipu a Commonwealth amayang'ana chitukuko, ndiye wa mbiri kapena zisudzo ayenera kusonyeza bwinobwino kuti ntchito yake ikukhudza bwanji maphunziro, mtendere, ulamuliro kapena kusunga chikhalidwe. Erasmus Mundus imapereka mayuro 1,400 pamwezi, koma mapulogalamu ake ambiri ndi a zaka 2 ndipo mumasamuka maiko. Boma la Ireland lili ndi masikolashipu 60 a chaka chimodzi, opereka mayuro 10,000 ndi kuchotsa fizi. Ku United States kuli Fulbright, ku Germany DAAD. Musaiwale timathandizo ta dipatimenti ndi ta makoleji, timene ambiri satiwona chifukwa tili pa tsamba lobisika.

Chenjerani ndi "sikolashipu" ya mapaundi 2,000 kapena 3,000 imene imabwera yokha pamodzi ndi kalata ya malo. Ndi kutsitsa mtengo chabe. Chenjeraninso ndi maganizo oti mukadzilipirira ndi ganyu. Visa ya ku UK imalola maola 20 pa sabata nthawi ya teremu, koma ma credit 180 ndi maola 1,800, pafupifupi 35 sabata iliyonse chaka chonse, ndipo ganyuyo sangakwane fizi. Ngati ndalama zili m'dziko lanu, werengerani kuti zingagwe mphamvu pakati pa tsiku lolandira malo ndi tsiku lolipira.

Ngati zonse zakanika, PGCert kapena masitazi ya pa intaneti yochokera ku yunivesite yovomerezeka siifuna visa kapena lendi, ndipo ma credit ake nthawi zina amawerengedwa mukafuna kupitiriza.

8. Kuchokera pa kalata ya malo kufika pa visa

Kalata ya malo imakhala conditional, yodikira kuti mukwaniritse zina monga IELTS, kapena unconditional, yotsimikizika. Mukakwaniritsa ndi kulipira dipoziti, yunivesite ya ku UK imakupatsani nambala ya CAS, yotsimikizira malo anu popempha visa. Ku Australia ndi CoE, ku United States ndi fomu ya I-20. Musanalipire dipoziti werengani ngati imabwezedwa visa ikakanidwa.

Ku UK mungapemphe visa kutatsala miyezi 6 kapena kucheperapo. Muyenera kusonyeza fizi yotsala ndi ndalama zodyera za miyezi mpaka 9; mlingo wake ndi wokwera ku London ndipo umasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndiye uoneni pa tsamba la boma sabata imene mukupempha. Ndalamazo zikhale mu akaunti yanu kapena ya makolo masiku 28 otsatizana, osatsika ngakhale tsiku limodzi, ndipo tsiku lomaliza pa sitetimenti lisapitirire masiku 31 kufika tsiku lopempha. Anthu ambiri amakanidwa pa kachinthu kameneka. Palinso ndalama ya zaumoyo, mapaundi 776 pachaka. Popeza visa ya pulogalamu ya miyezi 12 imawonjezeredwa miyezi 4 kumapeto, mumalipira ya chaka ndi theka, mapaundi 1,164. Okhala m'maiko ena amafunika setifiketi yoyezetsa TB ku chipatala chovomerezedwa ndi boma la UK, osati china chilichonse. Kuyambira Januwale 2024 wophunzira masitazi ya m'kalasi sangabwere ndi mkazi, mwamuna kapena ana pa visa yake, kupatula olipiriridwa ndi boma. Maphunziro osapitirira miyezi 6 angachitike pa visa ya mlendo, koma imeneyo siilola ntchito iliyonse.

Osagula mbereko mwana asanabadwe: musasiye ntchito kapena kugula tikiti yosabweza ndalama visa isanatuluke.

9. Chakacho chikayamba

Mudzadabwa ndi kuchepa kwa makalasi, mwina masemina awiri kapena atatu pa sabata. Zotsalazo ndi kuwerenga, ndipo semina imayenda ndi zimene ophunzira abwera nazo; wongokhala chete kulemba notsi amataya zimene analipirira. Teremu ku Oxford ndi Cambridge ndi milungu 8, kwina 10 mpaka 12. Pitani ku ofesi ya mphunzitsi pa maola amene anaika ochezera ndi ophunzira, mutatenga pulani ya nkhani yanu yoyamba, musanailembe. Magiredi asakuopseni: m'mayunivesite ambiri a ku UK 50 ndi kukhoza, 60 ndi Merit, 70 ndi Distinction, ndipo 80 imaoneka mwa apo ndi apo.

Mutu wa dissertation umafunika teremu yachiwiri isanathe, nthawi zina kumayambiriro kwake. Ngati mudzafunsa anthu mafunso kapena kujambula mawu awo, mufunika chilolezo cha komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, ndipo chimatenga milungu. Zimene mwasonkhanitsa musanachilandire sizigwiritsidwa ntchito. Woyang'anira wanu adzakumana nanu kangapo kokha, ndipo mu Julayi ndi Ogasiti ambiri sapezeka, choncho apatseni chaputala chimodzi chathunthu mu Juni.

Wofuna kupitiriza PhD ali ndi vuto lina: masiku a ndalama za PhD amatseka mu Disembala kapena Januwale, mutangokhala miyezi 3, mwina musanalandire giredi ngakhale imodzi. Mungapemphe pomwepo pogwiritsa ntchito nkhani yanu yoyamba ndi mphunzitsi amene wakuonani mu semina, kapena kudikira chaka chotsatira muli ndi dissertation yonse m'manja. Njira yachiwiriyi nthawi zambiri imatulutsa pempho lamphamvu, koma mudzalilemba muli kwanu, akaunti ya laibulale itatsekedwa. Musanachoke, sungani mndandanda wonse wa zimene munawerenga, jambulani zikalata zimene malamulo a malo osungirawo akulola, ndipo gwirizanani ndi aphunzitsi awiri kuti adzakulemberani makalata. Zotsatira za masitazi yomaliza mu Sepitembala zimatsimikizidwa cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo Graduate visa mungaipemphe pokhapokha yunivesite itadziwitsa boma kuti mwamaliza, muli m'dzikomo, visa yanu ya sukulu isanathe. Pakali pano ndi ya zaka 2, koma kwa opempha kuyambira 1 Januwale 2027 idzakhala ya miyezi 18.